Pepala Lochokera pa Chiliza

Titasamukira ku Nairobi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, tinkakhala m'nyumba zosanjikizana za ku Hurlingham, kuseri kwa masitolo. Ife tinali pansi. Abambo ankagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri. Ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Ine ndinkapita kusukulu. Amayi ankatsala okha.

Kwathu ku Dowa amayi sanali munthu wosowa wocheza naye. Pakhonde pathu sipankatha anthu: wobwereka sefa, wodzathandiza kutongola chimanga, wongodutsa n'kukhala mpaka madzulo. Ku Nairobi chitseko chinkakhala chotseka tsiku lonse. Chingerezi chawo chinali cha moni basi, ndipo Chiswahili chinali cha pamsika, chogulira masamba a sukuma ndi tomato. Ndikamachokera kusukulu ndinkawapeza pazenera la kukhitchini akuyang'ana magalimoto a anthu ena. Nthawi imeneyo anali oyembekezera, ndipo ankadzisamala kwambiri, chifukwa mwana amene anabadwa pambuyo panga sanalire. Anakamuika azimayi okhaokha, monga mwa mwambo, ine ndili wamng'ono. Nkhaniyo m'nyumba mwathu sinkatchulidwa, koma ndinkaidziwa.

Pamwamba pathu pankakhala banja la ku Amereka, anthu achikulire amene ana awo anali atakula kale n'kutsala kwawo. Bamboyo ankagwira ntchito limodzi ndi abambo. Akazi awo ife tinkangowatchula kuti mayi a pamwamba. Anali aatali, a imvi zodula zazifupi, oyenda ndi nsapato za nsalu ngati mwana wasukulu. Tsiku lina anasuzumira pakhonde pawo n'kuona amayi akuyanika mfutso wa nkhwani palichero, ndiye anatsika kudzafunsa kuti n'chiyani. Ine ndinali nditangofika, yunifolomu ndisanavule, ndipo amayi anandikankhira kutsogolo kuti ndiyankhe. Mawa lake mayi aja anabweranso ndi mbale yovundikira ndi kansalu. Amayi atavundukula anaseka mpaka kugwira chitseko. Chinali chigumu. Chofewa, cha shuga wambiri, koma chigumu ndithu. Anati ndiwafunse kuti azungu anachiphunzira kuti chakudya cha kumudzichi. Mayi a pamwamba anayankha kuti kwawonso ndi kumudzi, kwa alimi a chimanga, kumene nyumba ya mnzako umaiona patali ngati kadontho. Amayi anati ndiye ndi anzathu awa, alowe akhale pansi.

Kuyambira pamenepo ankatsika masana ambiri. Ankaluka tizipewa ndi timasokosi ta mwana, amayi n'kumapinda m'mphepete mwa matewera, ine nditakhala pakati pawo pakampando ka kukhitchini. Kusukulu ndinali mwana wosatsegula pakamwa. Aphunzitsi akandiloza mawu ankandithawa, ndipo zimene ndalephera kunena masana ndinkakazilemba madzulo m'kabuku kanga. Koma pakati pa amayi awiriwa ndinkalankhula mopanda mantha, chifukwa mawuwo sanali anga. Ndinkangowatenga uku n'kukawatula uku. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kuwasalaza ali m'njira. Amayi akati masikono a mayi a pamwamba auma ngati njerwa, ine ndinkati amayi akufunsa ngati uvuni wanu sukutentha kwambiri. Mayi a pamwamba akati munthu woyembekezera sayenera kukolopa atawerama chonchi, kwawo dokotala angakalipe, ine ndinkati akuti muzipumako. Ndinkaona kuti ndikuchita bwino. Amayi anali atayambanso kuseka, ankaimba posita zovala, ndipo ine ndinkaopa chilichonse chimene chikanatsekanso chitseko chija.

Lachitatu tinkaweruka msanga, ndipo mayi a pamwamba ankandiitana kuti ndikawathandize kusanja zithunzi zawo. Tinali tizithunzi ting'onoting'ono ta m'mafulemu a katoni, toonetsa pakhoma ndi makina a nyali. Ankatseka makatani dzuwa lili phwee panja, makinawo n'kumalira pang'onopang'ono ngati mphaka wokhuta. Kwawo iwo anali m'kagulu ka anthu osunga mbiri ya boma lawo, boma la kumidzi lopanda mzinda waukulu, ndipo nyumba yakale iliyonse ya m'bomalo ankaidziwa ngati ya m'bale wawo.

Ndinaona chigayo choyendera madzi, chimene chinaleka kugaya kalekale koma anthu ankachipakabe utoto chaka ndi chaka. Ndinaona mlatho wamatabwa wokhala ndi denga ngati nyumba, ndi sukulu ya chipinda chimodzi, mabenchi ali momwemo, belu lili pamwamba, ana palibe. Ndende yakale ya miyala anaisandutsa mosungira zinthu zamakedzana, ndipo alendo ankajambulitsa atagwira zitsulo za pazenera akumwetulira. Panalinso nyumba ina ya pafamu yokhala ndi kachipinda kobisika pansi pa matabwa, m'mene ankabisamo akapolo othawa. Akafika pa chithunzi chimenechi ankatsitsa mawu, osandiyang'ana, inenso n'kuyang'ana pansi, osadziwa kuti manyazi amene alowa m'chipindamo ndi a ndani. Pamalo alionse panali chikwangwani chachitsulo chonena za amene anakhalapo: apa woweruza milandu, apa wosula zitsulo, apa mlimi amene anabzala mtundu wina wa maapozi umene mpaka lero umatchedwa ndi dzina lake.

Tsiku lina anandifunsa kuti nanga kwathu kuli malo ati akale, ndipo kunakhala anthu ati otchuka. Ndinaganiza za mtengo wa kachere umene anthu ankakambirapo milandu. Ndinaganiza za agogo awo a amayi, amene ankati anayenda wapansi mpaka ku Halale n'kubwera ndi makina osokera pamutu. Koma zimenezi zinalibe chikwangwani, zinalibe chithunzi, ndipo m'Chingerezi ndinaona kuti zikanamveka zazing'ono. Ndinati sindikudziwa. Iwo anati palibe kanthu, ndidzafunse kwa akulu, n'kupitiriza.

Mwa anthu onse a m'boma lawo, amene ankamukonda kwambiri anali dokotala wina wamkazi wa masiku a kale. Ankayenda yekha pangolo ya hatchi, nyengo yozizira misewu itakwiririka ndi chipale chofewa, kupita m'mafamu akutali kukathandiza amayi kuchira. Anati m'bomalo n'kovuta kupeza banja lopanda munthu amene analandiridwa ndi manja a dokotalayo, ndipo amayi awo enieni anabadwira m'manja omwewo, m'khitchini, mphepo itagwetsa mtengo pamsewu. Nyumba yake ndinaiona pakhoma kambirimbiri, yoyera, ya khonde lalitali, chikwama chake chachikopa chili patebulo ngati wangotuluka kumene.

Kuseri kwa kabati ankasunga mapepala akuluakulu okulunga. Atawatambasula koyamba ndinaganiza kuti ndi zojambula zawo: pepala lonse lakuda, koma maluwa, nkhunda ndi zilembo zikuoneka zoyera. Anandifotokozera mokondwa kuti iwo ndi anzawo amapita kumanda akale Loweruka, atanyamula chakudya m'dengu. Amamata pepala pachiliza, n'kumalikhula ndi phula lakuda louma, ndipo zonse zozokotedwa pamwalapo zimatulukira papepala. Anati amatero chifukwa mvula imadya miyala, ndipo dzina likafufutika ndiye kuti munthuyo waiwalika.

Kwathu manda ndi nkhalango yoti umaidutsa patali utatsitsa mawu. Salowamo munthu popanda maliro kapena chilolezo cha eni ake. Nkhuni za m'menemo sizitoledwa ngakhale zitauma bwanji, mwana saloza kumeneko ndi chala, ndipo ochokera kumanda amasamba m'manja asanalowe m'nyumba. Woyembekezera ndiye akuluakulu safuna kuti ayandikireko n'komwe. Zonsezi zinali pakamwa panga. Koma mayi a pamwamba anali atagwada pansi, akusalaza pepala ndi dzanja ngati akusisita mwana, ndipo anandifunsa kuti ndikuliona bwanji. Ndinati n'lokongola. Sindinaname, linalidi lokongola.

Loweruka lina anapempha amayi kuti anditenge pagalimoto kukaona mapiri a Ngong. Mapiriwo tinawaonadi, koma patali. Pobwerera tinakhotera ku Karen, kuseri kwa katchalitchi kena kakale kumene kunagona azungu amene anali ndi mafamu kumeneko. Iwo analowa pageti ngati akulowa m'sitolo. Ine ndinaima pang'ono, kenako ndinawatsatira, chifukwa kutsala ndekha pamsewu kukanafuna kuti ndifotokoze chifukwa chake. Ndinawagwirira pepala pamwala kuti lisauluke ndi mphepo. Mwalawo unali wozizira ngakhale dzuwa linali likuwomba. Titafika kunyumba ndinawasiya akukwera masitepe, ine n'kuzungulira kuseri, pampopi wotsukira magalimoto. Ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono, kumaso ndi kumapazi, ndipo ndinadikira kuti ndiume ndisanalowe. Amayi anafunsa ngati mapiriwo ndi aakulu kuposa a kwathu. Ndinati ayi.

Masiku a amayi atayandikira, anakonza kachipinda kakang'ono kuti kadzakhale chikuta, m'mene adzakhale ndi mwana masiku oyamba. Anasamutsiramo bedi lawo ndi kabedi ka mwana kamene abambo anagula. Abambo m'menemo sankalowa. Akafuna kanthu ankaima pakhomo. Ndi sabata imeneyo pamene mayi a pamwamba anatsika ndi chinthu chachikulu chokulunga m'pepala la mphatso. Amayi atamasula, ndinachizindikira nthawi yomweyo. Linali limodzi la mapepala aja, ataliika m'fulemu ya galasi. Pamwamba panali nkhunda ndi nkhata ya maluwa, pansi mizere ya zilembo zopindikapindika zachikale.

Mayi a pamwamba anandigwira paphewa. Maso awo anali atalenga misozi.

"Uwauze amayi ako kuti ili ndinalikhula ndekha pamanda a dokotala uja. Ndilo ndimalikonda kuposa onse. Palibe mayi amene iye anamusiya yekha pa nthawi yake. Ndikufuna akhale pafupi ndi amayi ako."

Amayi anali akundiyang'ana, akumwetulira, kudikira. Ndinaona m'maganizo mwanga kumwetulirako kukuzima, mbale zikubwezedwa, amayi ali pazenera la kukhitchini. Ndinati:

"Akuti n'chithunzi cha kwawo, chokumbukira dokotala wina amene ankathandiza amayi kuchira. Akuti chikubweretsereni mwayi."

Amayi anapukuta manja pachitenje, n'kulandira ndi manja awiri atapinda maondo pang'ono ngakhale thupi linali lolemera. Anati ndiwauze kuti ngakhale kwathu sanalandirepo mphatso ya galasi. Zimenezo ndinazinena zonse. Tsiku lomwelo anakhoma okha msomali ndi mwala wa pakhonde, pakhoma la mbali ya chitseko, pamwamba penipeni pa kabedi ka mwana.

Ndinkalowamo tsiku lililonse ndi tsache ngakhale m'chipindamo munali moyera. Posesa ndinkakankha kabediko pang'ono kuti kachoke pansi pa fulemuyo, ndipo tsiku lotsatira ndinkapeza amayi atakabwezera pamalo pake. Ndinayesa kupemphera kuti msomali uzuke wokha, kenako ndinaopa kuti galasi lingagwere munthu, ndiye ndinapempheranso kuti usazuke. Ndinkadziuza kuti ndife Akhristu, kuti ndi pepala chabe, kuti dokotalayo anali munthu wabwino. Koma ndikalowa m'chipindamo ndinkatsitsa mawu osafuna.

Mng'ono wanga anabadwira kuchipatala, ndipo analira mokweza moti abambo anamumva ali m'khonde. Anabwera naye kunyumba ali bwinobwino. Mayi a pamwamba ankasiya chakudya pakhomo osalowa, chifukwa ndinawauza kuti masiku oyamba alendo salowa, ndipo anamvera mosavuta. Ndinazindikira pamenepo kuti zinthu za kwathu akauzidwa ankazimva. Mwanayo ankalira kwambiri madzulo, monga achitira makanda ambiri, koma ine akangoyamba ndinkayang'ana kukhoma.

Mchombo utagwa kunabwera mayi wina wa ku Malawi amene ankakhala ku Ngong, kudzathandiza amayi kutuluka m'chikuta. Sanali m'bale wathu, koma tinkawatchula kuti azakhali, chifukwa Amalawi onse a mu Nairobi akakhala ndi mwana kapena maliro ankathamangira kwa iwo. Kumudzi anali mphunzitsi. Anatsika m'matatu, timabasi ting'onoting'ono ta kumeneko, ndi kathumba ka ufa woyera pamutu, ndipo mawu awo anafika m'nyumba iwo asanafike. Ine ankanditchula kuti mpongozi, chifukwa anali ndi mwana wamwamuna wa msinkhu wanga, ndipo akandiona ankafunsa kuti pakamwa anandisoka ndi telala uti, akamulipire kuti asole. Tsikulo anandigwira tsaya, nati mwana wawo safuna mkazi wolankhula ndi maso okha, kenako analowa m'chikuta akuimba.

Ndinawabweretsera madzi ofunda m'beseni. Anamusambitsa mwana, kumudzoza mafuta, kumutembenuza uku ndi uku akumuyamikira miyendo. Amayi anadandaula za kulira kwa madzulo, azakhali nati ndi mpweya wa m'mimba, zidzatha. Pomuika pakabedi anakweza maso. Anayang'ana fulemu ija, n'kutulutsa magalasi m'thumba la bulauzi, n'kuyandikira. Milomo yawo inkayenda popanda mawu. Ine ndinali chiimire, nditanyamula beseni.

"Achemwali, ichi mwachitenga kuti?"

Amayi anafotokoza monyadira za mnzawo wa pamwamba, za dokotala, za mwayi. Azakhali anavula magalasi.

"Apa palembedwa kuti pano pagona uje. Apa tsiku lobadwa, apa tsiku lomwalira. Ichi n'chiliza, achemwali. Mwanayu akugona pansi pa chiliza cha munthu."

Amayi sanakuwe. Ananyamula mwana, kumukumbatira pachifuwa, n'kutuluka naye kupita pabalaza. Anakhala pampando wa kutali kwambiri ndi chitseko cha chipindacho. Azakhali ndiwo analankhula, ndipo analankhula nthawi yaitali. Anafunsa kuti amayi anamulakwira chiyani mzunguyo. Anati munthu wopatsa woyembekezera manda si wofunira mnzake zabwino, kaya ndi wa mtundu wanji, ndipo kuseka kwa anthu ena n'kwa mano okha. Anati mkaziyo asadzapondenso pakhomo pano, masokosi ake onse achotsedwe pathupi pa mwana, ndipo chinthucho chitenthedwe kapena chitayidwe kudzala lero lomwe.

Ine ndinali m'khitchini, ndikutsuka beseni lomwe linali loyera kale. Amayi anandiitana ndi mawu apansipansi. Ndinagwada pafupi ndi chitseko.

"Pamene ankandipatsa, anakuuza kuti n'cha kumanda?"

Ndikanati ayi, azakhali akanapitiriza kunyoza mayi a pamwamba, ine n'kutsala woyera, chitseko n'kutsekeka. Ndinayang'ana maluwa a pakapeti.

"Anandiuza."

"Ndiye iwe unandiuza chiyani?"

Azakhali anaomba m'manja kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Ndinkayembekeza kuti amayi andikalipira kapena kundimenya, ndipo ndikanakonda zimenezo. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, akugwedeza mwana. Kenako anafunsa ngati aka kanali koyamba kusintha mawu awo. Ndinapukusa mutu.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikucheza ndi iwe, osati ndi iwo."

Azakhali anaumirirabe kuti fulemuyo itayidwe. Amayi anakana. Anati chinthu cha kumanda sichitayidwa pamodzi ndi makoko a mbatata. Munthuyo ali ndi abale ake, chibwerere kwa eni ake. Anandituma kuti ndichichotse pakhoma ine amene ndinachilowetsa. Ndinakwera pampando, n'kuchitsitsa, n'kuchikulunga m'chitenje chakale, n'kukachiika panja pakhonde. Azakhali anandithirira madzi m'manja kuchokera m'kapu, kunja komweko, osandiseka, osanditchula mpongozi. Analowa m'chipinda muja n'kupemphera mokweza, mazenera atatsegula. Atamwa tiyi ananyamuka kuti akapeze matatu dzuwa lisanalowe, ndipo pakhomo anauza amayi kuti aganize bwino za anthu amene akuwalowetsa m'nyumba.

Atangopita, amayi anavala mpango wawo wa kutchalitchi, n'kumufunditsa mwana shawelo. Anati ndinyamule katunduyo, tikupita pamwamba. Anali asanakwerepo masitepe amenewo. Ankakwera pang'onopang'ono atagwira chitsulo, akupuma pa sitepe iliyonse, ine ndili pambuyo. Titafika pakhomo anatembenuka.

"Chimene nditi ndinene, unene chomwecho. Usachotsepo, usathirepo shuga."

Mayi a pamwamba anatsegula ali ndi ufa m'manja. Ataona mwana nkhope yawo inawala, koma ataona chitenje chimene ndinanyamula anazindikira kukula kwake, ndipo kuwalako kunachepa. Anatilowetsa. Ndinaika fulemuyo patebulo, iwo n'kuvundukula pakona, n'kuigwira m'mphepete. Amayi anakana mpando. Analankhula ataimirira, chiganizo chimodzi chimodzi, akundidikira kuti ndimalize asanapitirize.

Anati ndiwauze kuti kwathu chinthu cha kumanda sichilowa m'nyumba, makamaka m'nyumba ya mwana wakhanda. Ndinanena. Anati ndiwauze kuti iwo anaikapo kale mwana m'manda, mwana wopanda dzina, wopanda mwala, ndipo safuna kuti manda amudziwe uyu. Aka kanali koyamba kumva amayi akutchula za mwana uja, ndipo ndinayenera kuzinena m'Chingerezi, ndi pakamwa panga, kwa munthu wina. Ndinanena. Mayi a pamwamba anagwira pakamwa, ufa n'kutsala pachibwano. Amayi anati ndiwauze kuti akudziwa kuti mphatsoyo inachokera mumtima wabwino, ndipo dokotalayo akumulemekeza, n'chifukwa chake sanamutaye. Ndinanenanso. Kenako anati:

"Uwauze kuti mwana wanga anandibisira."

Amayi anadikira. Mwana anayasamula. Ndinanena ndikuyang'ana nsapato zanga za kusukulu, monga mmene amayi ananenera, kuti mwana wanga anandibisira, ngati ndikunena za mtsikana wina amene sali m'chipindamo.

Mayi a pamwamba anafiira kuyambira m'khosi mpaka m'makutu. Anakhala pampando mwadzidzidzi. Anapepesa kambirimbiri, ndipo kupepesa kulikonse ndinakupereka kwa amayi. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa mofatsa kuti bwanji sindinawauze, popeza ndinaona mapepala onse aja, popeza ndinapita nawo mpaka kumanda a ku Karen. Amayi anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinamasuliranso funsolo lonse, ndi Karen yemwe. Amayi anatseka maso pang'ono. Anangoti funsolo ndi langa, ndiyankhe ndekha.

Ndinati ndinkaopa kuti asiya kutsika. Ndinanena m'Chingerezi, kenako m'Chichewa, ndipo kawiri konse zinamveka zopanda nzeru.

Pansi pamsewu basi inaliza hutala. Mayi a pamwamba anatambasula manja kuti aone mwana, kenako anawabweza msanga ngati apsa. Amayi anawayang'ana manjawo, n'kuyang'ana fulemu patebulo, n'kuloza kukhitchini ndi chibwano, akupukusa dzanja lawo limodzi ngati akusamba. Mayi aja anamva. Ananyamuka, anatenga fulemuyo n'kukaiika kuchipinda cha mkati, ndipo tinamva mpopi ukutuluka madzi nthawi yaitali. Anabwera manja ali onyowa mpaka m'mikono, atawakweza m'mwamba kuti amayi awaone. Amayi anakhala pansi tsopano, n'kuwapatsa mwana.

Ndinasendera pafupi kuti ndiime pakati pawo monga mwa masiku onse. Amayi sanandiyang'ane.

"Iwe tsika. Matewera ali m'ndowa akudikira."

Ndinatsika. Bafa lathu linali pansi penipeni pa khonde lawo, ndipo zenera linali lotsegula. Poyamba sindinamve kanthu koma madzi anga omwe. Kenako ndinamva mawu a mayi a pamwamba akuti pole, pole sana, mawu a Chiswahili opepesera amene aliyense mu Nairobi amawadziwa. Amayi anayankha ndi Chiswahili chawo cha pamsika, chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chichewa. Sindikudziwa ngati anamvana. Analankhula choncho mpaka ndinamaliza kuchapa ndi kuyanika.

Mayi a pamwamba sanasiye kutsika. Akagogoda, amayi ankandipezera ntchito: kusita, kukagula mkaka, kuwerenga za kusukulu kuchipinda. Ankacheza awiri, ndi manja, ndi nkhope, ndi Chiswahili chimene onse sankachidziwa bwino. Nthawi zina ankakangana. Tsiku lina ndinawamva akukwezerana mawu chifukwa cha mabulangete amene amayi ankamufunditsa mwana kukutentha, wina akuvundukula, wina akubwezera, ndipo mayi a pamwamba anakwera kwawo atakwiya. Ndinaima kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, mawu oyanjanitsira ndili nawo okonzeka m'zinenero zonse ziwiri. Palibe anandiitana. Mawa lake ndikuchokera kusukulu ndinakumana nawo pageti, akupita kumsika limodzi, mwana ali kumbuyo kwa amayi ndi bulangete limodzi lokha. Amayi anandipatsa kiyi, nati nyemba zili pamoto, ndisazipsereze.